Mwana Wanga pa Ukwati wa Atate Ake

Ndinakhala pabanja zaka khumi ndi chimodzi ndi mwamuna amene sankadziwa pamene pamakhala machesi m'nyumba mwake. Mkwiyo unatha kalekale. Chimene chinanditsalira ndi kudabwa kuti ine, mkazi wa maso awiri openya bwinobwino, ndinkagwada pansi pomupatsa munthu ameneyu madzi osamba m'manja.

Tinkakhala ku Estates m'tauni ya Kafue, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Iye ankagwira ntchito kunyumba yosungiramo katundu ku Lusaka, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera minibasi atanyamula chikwama chachikopa chopanda kanthu m'kati, kuti anthu aziganiza kuti ndi wa mu ofesi. Ine ndinkagulitsa nsomba pamsika wa m'tauni, ndipo mpaka lero ndimagulitsa. Kawiri pa sabata ndinkapita kwathu ku Chanyanya kukadikira mabwato pagombe, n'kubwera ndi nsomba zanga kudzaika mu filiza. Tinali ndi ana awiri aakazi. Wamkulu anali ndi zaka khumi, wamng'ono zisanu ndi chimodzi.

Zinthu zinayamba kupotoka pamene mwamuna wanga uja analowa tchalitchi china chatsopano chimene chinkasonkhana m'tenti kuseri kwa mashopu. Ndilibe mlandu ndi kupemphera, inenso ndimapemphera. Koma miyezi isanu ndi umodzi isanathe anali atamuika kale udikoni. Anagula jekete yoyera ndi nsapato zosongoka ngati kamwa la ng'ona. Ntchito yake inali kuima kumbuyo kwa anthu opemphereredwa kuti aziwawakha akamagwa. Munthu amene mwana wake atagwa pampando n'kung'ambika mlomo anangokweza mapazi kuti magazi asamudonthere, tsopano ankawakha akazi a eni ake ndi manja awiri.

Lamlungu lina masana anabwera kuchokera kutentiko, n'kukhala pa sofa osavula jekete.

"Amake mwana, khalani pansi. Nili na mau."

Ndinapukuta manja pachitenje n'kukhala pansi, monga ndinaphunzitsidwira.

"Ambuye anionetsa kuti ukwati wathu si wa kumwamba," anatero akuyang'ana kudenga. "Unali chabe wa kumudzi."

"Nanga ana awa ndi a kuti?" ndinafunsa. "A kumwamba kapena a kumudzi?"

Anapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti ndili ndi mzimu wachipongwe, ndipo adzandipempherera.

Masomphenya akewo anali ndi miyendo, komanso ankaimba kwaya. Anali mtsikana wogwira ntchito mu saluni pafupi ndi siteshoni ya sitima, wochokera ku Kitwe. Msika wonse unkadziwa ine ndisanadziwe. Mnzanga wogulitsa tomato pafupi ndi benchi langa ndiye anandiuza, ndipo anandiuza mosangalala ngati akundipatsa mphatso.

Abale anakhala pansi, monga amachitira. Amalume anga, amene anali ankhoswe, anabwera pa njinga kuchokera ku Chanyanya. Kuchimuna kunabwera apongozi anga ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mwamunayo. Ndinawaphera nkhuku. Anadya, anatsuka mkamwa, kenako anayamba kundiweruza. Apongozi anati ndizisamba sopo wonunkhira ndikachoka kumsika. Mlamu anati ndizimwetulira. Amalume, akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, anati, "Mwana wa mlongo wanga, shipikisha," mawu amene akazi a kuno timauzidwa tikamalowa m'banja, kuti pirira, ngakhale denga likugwere. Mwamunayo palibe amene anamufunsa funso ngakhale limodzi. Anakhala pakona akuwerenga Baibulo, milomo ikugwedera, kuti tonse tione.

Patapita milungu itatu mesenjala wa khoti anandipeza pamsika ndikupala nsomba ya kasitomala. Ndinalandira chisamanicho ndi manja a mamba. Mwamuna wanga ndiye anali atandisumira, kuti ukwati uthe.

Tsiku la mlandu anabwera atavala jekete yoyera ija, Baibulo kukhwapa, pepala m'manja. Woweruza anali mayi wachikulire wa magalasi, wolankhula mosafulumira. Anamuuza kuti afotokoze chimene chavuta.

Iye anatsokomola ngati akuyamba ulaliki. Anati mkazi uyu amayankha mwamuna akamalankhula. Anati sapita ku mapemphero. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti nyumba yonse imanunkha nsomba, mpaka zovala zake, moti abale mwa Ambuye amamuseka.

"Nsombazo inu mumadya?" anafunsa woweruza.

"Nimadya, ba jaji."

"Kangati pa sabata?"

Anayang'ana pepala lake, koma yankho silinalembedwepo. Anthu a pamabenchi anayamba kuseka, mesenjala n'kuwaletsa.

Woweruza anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndikuufunabe ukwatiwo. Ndinali nditakonzeka kunena kuti inde. Amalume anali atandiuza choncho panja, ndipo inenso ndinkaganiza za ana. Koma ndinamuyang'ana mwamunayo, ndinaona mmene ankapukutira nsonga ya nsapato kumbuyo kwa mwendo wa buluku, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu ena.

"Ayi, sindiufuna."

Iye anandicheukira modabwa. Ndikuganiza kuti ankayembekeza kuti ndilira ndi kugwira miyendo yake pamaso pa anthu, ndipo zinamupweteka kuti ndamumana zimenezo.

Pepala lija linali la katundu. Anali atalemba zonse za m'nyumba kuti tigawane: filiza, wailesi ya kanema, masofa, mbaula, ndowa ziwiri, matiresi a ana. Woweruza ankawerenga mokweza, ndipo atafika pa masipuni anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Filiza inatsala kwa ine, chifukwa ndi imene ndimagwirira ntchito. Iye anatenga kanema ndi masofa. Masipuni tinagawanadi.

Pa nkhani ya ana anapempha wamkulu yekha.

"Chifukwa chiyani wamkulu yekha?"

"Ni mukulu, ba jaji. Angathandizeko panyumba."

Woweruza analemba kanthu, kenako anagamula kuti ana onse awiri akhale ndi ine, atate awo aziwathandiza mwezi ndi mwezi, ndipo aziwatenga Loweruka lililonse lachiwiri. Anandichenjeza inenso kuti ndisadzawatsekereze ana kwa atate awo, ngakhale mtima utawawa bwanji. Mawu amenewo ndinawasunga, mwina kupitirira muyezo.

Loweruka loyamba anabweradi. Anawagulira ayisikirimu, anawajambula zithunzi pa foni atawakumbatira, n'kuwabweza ola limodzi lisanathe. Madzulo ake zithunzizo zinali paliponse, pansi pake atalemba za chikondi cha tate. Ulendo wachiwiri anafika mochedwa. Wachitatu anatumiza uthenga kuti kuli msonkhano wa madikoni. Kenako zii.

Wamkulu anasiya msanga kudikira. Wamng'ono ankadzuka Loweruka lililonse, ngakhale limene silinali lake, n'kuvala nsapato zake za kutchalitchi, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kufika pamutu. Anachita zimenezi miyezi isanu ndi iwiri. Ndipo Kafue ndi tauni yaing'ono. Nthawi zina tinkamuona munthuyo akudutsa pa minibasi, ali pampando wa kutsogolo, maso ali gwa pa foni ngati akuwerenga nkhani ya maliro.

Tsiku lina mlamu uja anatulukira pabenchi langa atanyamula pulasitiki.

"Mulamu, shani?" anatero akumwetulira mano onse.

Chithere ukwati anali asanandipatsepo moni. Ndinadziwa kuti akufuna kanthu.

Anatulutsa diresi la pinki la maleyisi. Anati mchimwene wake akumanga ukwati woyera Loweruka lotsatira, ndipo kamtsikana kamene kanayenera kumwaza maluwa patsogolo pa mkwatibwi kadwala katsabola. Diresi linali litasokedwa kale. Anayesa ana a kutchalitchi, onse silinawakwane. Ndiye anakumbukira kuti mwana wanga wamng'ono ndi wa msinkhu womwewo.

Sanati atate ake amusowa. Anati diresi limukwana.

Pafupi ndi phazi langa panali beseni la madzi otsukira nsomba, ndipo ndinaliyang'ana. Koma ndinangoti ndikafunsa ana.

Nditafika kunyumba ndinayala diresilo pamphasa. Wamkulu anayang'ana n'kufunsa kuti, "Langa lili kuti?" Ndinati diresi ndi limodzi. Anati, "Olo likanakhalapo sinikanapita," n'kutuluka kukatunga madzi, ngakhale ndowa zinali zodzaza. Wamng'ono anali atalivala kale pamwamba pa yunifolomu, akuzungulira m'chipinda, akufunsa ngati ba dadi adzamuona, ngati adzakwera galimoto, ngati kudzakhala keke.

Ndinamulola. Ena anandinena kuti ndinapusa, ndipo mwina n'zoona. Ndinaganiza za mawu a woweruza aja, ndinaganizanso za miyezi isanu ndi iwiri ya pakhonde. Sindinafune kuti mwanayu adzakule akunena kuti tsiku limodzi limene atate ake anamuitana, amake anakana. Ndinapinda mpendero wa diresi ndi singano yanga. Ndinamuluka tsitsi n'kuikamo mikanda yoyera. Ine, mkazi wosiyidwa chifukwa cha fungo la nsomba, ndinakhala pansi kukongoletsa ukwati wa mwamuna wanga.

Loweruka limenelo ndinapita kumsika monga mwa masiku onse. Cha m'ma leveni magalimoto a ukwati anadutsa mumsewu akuliza mahutala, maliboni akuuluka. Azimayi a pamsika sanayang'ane magalimotowo, anayang'ana ine. Ndinapitiriza kutumbula mlamba umene unali m'manja mwanga. Mnzanga wa tomato anakhumudwa kwambiri.

Dzuwa litapendeka mlamu anamutsitsa mwanayo pageti. Sanalowe, sanapereke ndi moni womwe. Mwana analowa mwakachetechete atafumbata keke m'kapepala. Ndinaganiza kuti watopa. Ndinamukhazika pampando n'kuyamba kumumasula nsapato.

"Amama," anatero, "kodi ku khoti ananena kuti ba dadi akhale ba ankolo?"

Manja anga anaima pa lamba wa nsapato.

"Wati chiyani?"

Anafotokoza pang'onopang'ono, monga amafotokozera ana, akuyamba ndi za keke ndi za mabaluni. M'mawa, ali m'galimoto, atate ake anamunyamula pamiyendo n'kumuuza kuti lero asewera masewera. Lero lokha asawaitane kuti ba dadi, aziti ba ankolo. Akachita bwino adzamugulira chidole. Mwanayo anavomera, poti anali masewera. Tsiku lonse anati ba ankolo. Kamodzi kokha anaiwala, pojambulitsa zithunzi, ndipo azakhali ake anamutsina pamkono. Anandionetsa pamene anamutsinapo. Mayi wina wachikulire wa kuchikazi anamugwira patsaya n'kumufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani wokongola chonchi, ndipo iye sanadziwe yankho la masewerawo, choncho anangoloza azakhali akewo.

Nkhani yonse ndinaimva pambuyo pake. Mkwatibwi ankadziwa bwinobwino za ana anga, ankawaona pamsewu. Koma makolo ake a ku Kitwe anauzidwa kuti mkamwini wawo ndi mnyamata wa Mulungu amene anachedwa kukwatira chifukwa chodikira nthawi ya Ambuye. Apongozi anga ankadziwa bodzalo. Mlamu ankadziwa. Abusa amene anadalitsa mphete ankadziwa, poti ana angawo anawaonapo. Anthu akuluakulu onsewa, ovala masuti ndi zitenje zofanana, anakhala pansi n'kuona kuti njira yabwino yopulumutsira diresi la pinki ndi kuphunzitsa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kukana atate ake.

Wamkulu anali ataima pakhomo akumva zonse. Analanda keke ija n'kuiponya panja, galu wa aneba n'kuitola. Apo m'pamene wamng'ono analira. Sanalirire kutsinidwa, analirira keke, chifukwa anali atatisungira kuti tilaweko. Ndinawakumbatira onse awiri, wina akulira, wina atauma ngati mtengo.

"Tamvera," ndinamuuza wamng'onoyo. "Khoti silisintha atate a munthu. Aja ndi atate ako, dzulo, lero ndi mawa. Ananama. Iwe sunalakwe kanthu."

"Nanga chidole adzanigulira?"

Ndinati sindikudziwa. Ndinkadziwa.

Lolemba m'mawa ndinachapa diresi lija, ndinalisita, ndinalipinda bwino m'pulasitiki, n'kupita pamene pamakwerera maminibasi a ku Lusaka. Ndinamupeza pampando wake wa kutsogolo, dzanja lili pazenera kuti mphete yatsopano ione dzuwa. Basi inali itatsala pang'ono kudzaza.

"Ba ankolo!" ndinaitana ndi mawu anga a pamsika. "Mwauka bwanji, ba ankolo?"

Anadzidzimuka, foni kutsala pang'ono kugwa.

"Amake mwana, osati pano," ananong'ona.

"Amake mwana wa ndani? Inu muli na mwana? Ine nabweretsa chabe diresi limene munabwereka mwana wa mlongo wanu."

Ndinaika pulasitikiyo pamiyendo pake kudzera pazenera. Kenako ndinatembenukira kwa anthu a m'basimo n'kuwafotokozera zonse, mwadongosolo, osatukwana ngakhale liwu limodzi. Ambiri ankatidziwa. Mayi wina kumbuyo anati, "Yaba!" n'kuomba m'manja kamodzi. Bambo wina wa chipewa anaseka mpaka kutsokomola. Dalaivala sanafulumire kuliza injini. Dikoni wathu anakweza galasi la zenera, koma linakanirira pakati, ndipo anakhala momwemo akuyang'ana kutsogolo, thukuta likutsika m'khosi mwa malaya, mpaka basi inanyamuka. Ulendo wa ku Lusaka ndi wautali ndithu kwa munthu amene basi yonse ikumuyang'ana pankhongo.

Ndikanakonda kunena kuti zinamugwera zazikulu. Sizinamugwere. Makolo a mkwatibwi anamva sabata lomwelo, anakwiya, akuchimuna anawapepesa ndi mbuzi, nkhani n'kutha. Kutenti sanamuchotse udikoni. Ndinamva kuti Lamlungu lotsatira abusa analalikira za akazi a mtima wowawa amene mdani amawagwiritsa ntchito pogwetsa atumiki. Apongozi anabwera kwanga ndi mbatata m'kathumba, anakhala pamphasa, n'kunena kuti zonse zija anachitira mtendere. Ndinawafunsa kuti mtendere wa ndani. Anayamba kukamba za kuthamanga kwa magazi. Mbatatazo tinadya, zinalibe mlandu.

Ndinabwereranso kukhoti, chifukwa thandizo la ana linali litasiya kubwera pamodzi ndi mwini wake. Anamuitana, anamukumbutsa chigamulo, iye anavomera zonse mwaulemu waukulu, dzanja lili pachifuwa. Pamaso pa akuluakulu munthu ameneyu ndi wofatsa ngati nkhosa. Kuyambira pamenepo amakumbukira akaopsezedwa, amaiwala akasiyidwa.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti zimene ndinachita pa siteshoni ya maminibasi zinakoma kwa ine ndekha. Mwana wanga sizinamuthandize kanthu. Kusukulu anzake anamva, poti makolo awo anali m'basi muja, ndipo kwa temu yonse ankamuitana kuti mwana wa ba ankolo. Tsiku lina anabwera yunifolomu itang'ambika paphewa, atamenyana ndi mtsikana wa giredi yapamwamba. Sanandiuze chifukwa chake, anandiuza ndi mkulu wake. Ndinasoka yunifolomuyo. Pa anthu onse amene ndinkawanyoza m'nkhani imeneyi, tsiku limenelo ndinadziwerengera nanenso.

Anasiya kukhala pakhonde. Loweruka ndinayamba kuwatenga onse awiri popita ku Chanyanya. Wamkulu amadana ndi matope ndipo amakhala pamthunzi ndi buku. Wamng'ono anakonda kugombe. Anaphunzira kusiyanitsa nsomba ya lero ndi ya dzulo poyang'ana m'makha, ndipo asodzi amamuopa pokambirana mtengo kuposa mmene amandiopera ine. Amalume aja, amene tsopano miyendo ikuwavuta, anamupatsa njinga yawo. Za kupirira sanazitchulenso.

Papita zaka zisanu. Mwamuna uja akadali ku Estates, misewu inayi kuchokera pathu, ali ndi ana ena awiri amene amaloledwa kumuitana dzina loyenera. Tikakumana m'shopu amandipatsa moni wa m'Baibulo, ine ndimayankha wa pamsika. Jekete yoyera ija inasanduka yachikasu m'khosi, koma akuivalabe.

Mwezi wathawu wamng'ono anabwera ndi fomu ya kusukulu yolembetsera mayeso. Anakhala patebulo m'mawa, tiyi akuzizira, n'kumadzaza yekha ndi bolopeni. Dzina la amayi analemba. Atafika pa dzina la atate ndinaima kumbuyo kwake ndi mbale m'manja, kudikira kuti ndione. Analemba dzina lonse, zilembo zooneka bwino, osalakwitsa ngakhale chimodzi. Pansi pake panali mzere wa nambala ya foni.

"Amama, nambala yawo muli nayo?"

Ndinayang'ana mu foni yanga. Imene ndinali nayo inali yakale, anasintha osatiuza.

"Nilibe," ndinatero.

Anasiya mzerewo wopanda kanthu, anapinda fomu n'kuika m'buku la masamu. Anamwa tiyi wake ataimirira, anandiuza kuti mlamba wa mu filiza ndiugulitse lero chifukwa mawa sudzaoneka bwino, n'kutulutsa njinga kupita kusukulu.